Foni M'ndowa

"Galasi ndinagula ndine, kuika ndinaika ndine, ndiye mukuti ndikhale chete?" anatero Akalipentala ataima pakati pa chipinda chosokeramo, chibenthu cha galasi chili m'manja.

"Sindinati mukhale chete, bambo a mapasa. Ndati musasunthe, mulibe nsapato."

Atelala, akazi awo, sanadzutse n'komwe mutu. Phazi linali pamakina, nsalu ya yunifolomu ikuyenda pansi pa singano, mphepo ya m'mawa ikulowa mwaufulu pazenera lomwe dzulo lake linali ndi galasi. Panja wolakwayo ankayenda monyang'wa pafupi ndi mulu wa matabwa: nang'omba wamkulu ngati nkhukundembo, wakuda bii, khosi lofiira, nsidze zazitali ngati za mtsikana wopita ku ukwati wa mnzake.

Anang'ombawo anafika ndi mitambo yoyamba ya dzinja. Wamkazi analowa m'mphako ya mkuyu wa kuseri kwa nyumba n'kukhazikika momwemo, enawo n'kumamutulira abuluzi, ziwala ndi tinjoka. Vuto linali wamwamunayo. Akadziona m'galasi ankayesa kuti kwabwera wina wodzamulanda banja, ndipo ankajompha mpaka mdaniyo atagwa pansi zibenthuzibenthu.

"Mbalame yopanda nzeru," anatero Akalipentala. "Kumenyana ndi nkhope yake yomwe."

"Inu simunakalipirepo tebulo itakupunthwitsani?"

"Tebulo ndi ine timadziwana. Musasokoneze nkhani."

"Odi kuno," anamveka mawu pakhomo, ndipo mwini mawuwo analowa asanayankhidwe. Anali akulu awo a Akalipentala, omwe dera lonse linkawatcha Awayilesi, chifukwa nkhani iliyonse inkayamba kumveka kwa iwo, zina zisanachitike n'komwe. Anayang'ana zenera, anayang'ana mbalameyo, kenako anakhala pampando wa makasitomala n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mukulira galasi? Lirani nyumba."

"Nyumba yatani, achimwene?"

Awayilesi anatulutsa foni m'thumba la jekete, anaipukuta pabondo, n'kuipereka kwa mng'ono wawo. Atelala anaimitsa makina n'kusuzumira. Chinali chithunzi cha tsamba la boma la pa intaneti. Pamwamba panali akuluakulu a masuti akudula kansalu, mmunsi mwake nang'omba, pambali pake unyolo wa apolisi. Kenako mawu. Atelala anawawerenga mokweza, pang'onopang'ono, akumasulira okha: mbalameyi ndi yotetezedwa, zatsala zochepa, woipha, woigwira kapena woigulitsa adzamangidwa. Ngati yaika chisa pamalo panu…

Apo mawu anathera. Mmunsi monse munali moyera ngati nsalu yatsopano.

"Ndiye kenako?" anafunsa Atelala.

"Kenako n'chiyani, mlamu? Amabwera ndi malole a waya, kuzunguliza malo onse. Mbalame mkati, inu kunja."

"Mwawerenga pati zimenezo, alamu? Ine ndikuona poyera."

"Zinazi munthu umangodziwa. M'boma ndinagwiramo ntchito ine."

"Munali mlonda wa pageti."

"Ndiye nkhani zonse zimadutsa pati? Pazenera?" Awayilesi anatsitsa mawu, ngakhale mawu awo otsika ankamveka mpaka kumsewu. "Okonza njinga a kutsidyaku zinawaikira chisa kumunda kwawo chaka chatha. Anathana nazo mwakachetechete. Munda wawo ulipo kapena palibe? Kanyama pang'ono, mankhwala a makoswe, khasu. Mtengowo n'kudula. Boma likadzabwera lidzapeza chitsa."

Akalipentala anakhala pamulu wa nsalu zodula kale. Nyumbayo anaimanga ndi manja awo, chipinda chimodzi chimodzi, malata akugula awiriawiri mpaka denga linakwana ana amapasa atamaliza kale sukulu.

"Theka lomwe mwationetsali likuti wopha amangidwa," anatero Atelala. "Inu mukukhulupirira theka lomwe simunalione."

"Akamangidwa ndi amene wadziwika."

Atelala anawayang'ana alamu awo kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Anangoyambanso kuponda makina.

Kudera kwawoko netiweki inali ndi malo amodzi okha, ndipo malowo anali pamwamba pa mkuyu womwewo. Kalekale Akalipentala anakhoma kagudumu ka wilibala panthambi yaitali yoloza kumsewu, n'kukolekapo chingwe ndi ndowa yakale ya penti. Munthu akafuna kutumiza uthenga, ankalemba, kudina, kuponya foni m'ndowa, n'kukoka msangamsanga. Ndowa ikafika kumwamba ankadikira, kenako n'kutsitsa, mayankho ali momo ngati nsomba m'mono. Madzulo aliwonse pansi pa mtengowo pankakhala mzere wa amayi omwe amuna awo ali kutali kuntchito, ndi anyamata oyembekezera mayankho a atsikana. Anang'omba ndowayo analibe nayo ntchito, poti mphako yawo inali mbali ina.

Tsiku limenelo Atelala analowa pamzere. Anatsegula tsamba la boma lija pafoni yawo yolandirira zithunzi za madiresi, anakoka, anadikira, anatsitsa. Anatuluka akuluakulu a masuti okha.

"Ayi ndithu, anthu ovala bwino," anatero mayi wogulitsa tomato akusuzumira. "Wapakatiyo suti yamuthina m'khwapa."

Anakokanso. Anatuluka nang'omba ndi unyolo. Anakokanso kachitatu, ndipo mawu anafika pomwe paja n'kuima. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake bandulo inatha akuluakulu aja akudulabe kansalu kawo.

Apo m'pamene anatumiza uthenga kwa ana awo amapasa, omwe ankagwira ntchito m'tauni komwe netiweki imapezeka ngakhale kubafa. Yankho linatsika ndi ndowa patapita masiku angapo. Anali mawu ojambula a wamkulu wa mapasawo.

"Amayi, tsamba lija tatsegula lonse. Pamene mwathera inupo akungoti, ngati yaika chisa pamalo panu, dinani apa. Tadina. Akuti tsambalo silikupezeka. Tadina pafoni yanga, pafoni ya mng'ono wanga, ndi pakompyuta ya kuntchito. Palibe. Kumapeto kwenikweni kuli nambala yotumizirako uthenga, ndakulemberani. Koma amayi, mukufunsiranji za mbalame? Abambo ali bwino?"

Atelala anawamvetsera mawuwo pachakudya cha madzulo, Awayilesi ali pomwepo, poti masiku amenewo ankafika nthawi ya chakudya kudzaona momwe nkhani ikuyendera.

"Mwamva?" anatero Awayilesi akupukuta m'manja. "Abisa dala. Chikanakhala chabwino akanachilemba pamwamba, pamalo pa masuti aja."

"Kapena amene anakonza tsambalo anapita kukadya n'kuiwala," anatero Atelala.

"Mlamu, boma siliiwala. Limadikira."

Akalipentala ankangozunguza supuni m'kapu. Kuyambira tsiku la galasi lija anali asakugona bwino. Ankadzuka m'bandakucha anang'omba akayamba kulira mawu awo aja otsika ngati ng'oma yakutali, n'kumayenda m'nyumba akugunda makoma ndi chikhatho.

Atelala sankazikonda mbalamezo. Zinawathyolera galasi, zinawadyera anapiye awiri, ndipo wamwamunayo tsiku lina anajompha kalilole woyezera madiresi kasitomala ali pomwepo ndi mapini m'chiuno. Koma ankawadziwa alamu awo. Chinsinsi chikalowa mwa Awayilesi m'mawa, pofika masana chimakhala chili pachigayo, madzulo chili pasiteji ya minibasi. Nkhani ya okonza njinga, yomwe ankati inachitika mwakachetechete, ankaidziwa ndi ana a mkaka omwe. Okonza njinga anangochita mwayi kuti sinafike kutali. Mwayi wotero amuna awo analibe. Amuna awo anali munthu woti akaba shuga m'kabati, nkhope imaulula yokha.

Sabata yotsatira, akufuna tepi yoyezera yomwe amuna awo ankakonda kubwereka osabweza, anatsegula bokosi la zipangizo. Pansi pa hamala ndi misomali panali kapepala ka pulasitiki ka mankhwala a makoswe. Makoswe m'nyumbamo munalibe chifikireni anang'omba.

Anapita kumsasa komwe amuna awo ankapala thabwa la chitseko.

"Aka n'ka chiyani?"

Akalipentala anapitiriza kupala. "Wa makina odulira mitengo abwera Loweruka. Achimwene alankhula naye kale."

"Ndiye wa makina akudziwa. Achimwene anu akudziwa. Wogulitsa mankhwala akudziwa. Mukufuna ndikaitanenso akwaya?"

"Amake mapasa, ndikuteteza nyumba."

"Mukaiteteza muli kundende?"

"Bola ine kundende, inu muli ndi denga."

Anatero osaseka, ndipo Atelala anaona kuti akunena zochokera pansi pa mtima. Zimenezo n'zimene zinawaopsa. Mwamuna akamachita chinthu chifukwa cha mkwiyo umatha kumudikira kuti azizire. Koma awa ankachita chifukwa cha chikondi, ndipo sakanazizira.

Anabwerera m'nyumba, anamaliza kupinda siketi yomwe anaiyamba, anadula ulusi. Kenako anatenga foni n'kuzungulira kuseri. Anajambula mphako, mlomo wa wamkazi uja uli panja. Anajambula wamwamuna akuyenda pafupi ndi chimbudzi. Anajambula nyumba yonse, malata ake akuwala. Analemba ku nambala ija kuti mbalame zanu zili pakhomo panga, zaikira, bwerani mudzanene nokha zomwe mukufuna, n'kulongosola njira yochokera kumsewu waukulu. Anadina. Kagudumu kakang'ono kanayamba kuzungulira pafonipo, kudikira netiweki. Anaika foni m'ndowa n'kugwira chingwe.

"Mukutumiza kwa ana?"

Amuna awo anali ataima kumbuyo kwawo, tizipalo ta matabwa tili m'tsitsi.

"Ayi. Kwa eni mbalame."

Akalipentala anayang'ana ndowa, yomwe inali itafika m'chiuno mwa akazi awo. Anayang'ana chingwe.

"Tsitsani."

"Boma likadziwa kuti zili pano, simungaziphe. Zikafa, woyamba kufunsidwa ndinu. Ndiye simuzipha."

"Ndipo akabwera ndi waya?"

"Akabwera ndi waya, tikapempha malo kwa achimwene anu. Tizikamva nkhani zisanatuluke."

"Musaseke, amake mapasa. Nyumba iyi…"

"Ndikuidziwa nyumba iyi. Ndinasenza njerwa zake ndili ndi pakati pa ana awiri. Ndikaitaya ndidzalira kuposa inu. Koma nyumba timanganso. Inu akakutengani, ndikagula kuti wina wobwereka tepi yanga osabweza?"

Akalipentala anatambasula dzanja n'kugwira chingwe pamwamba pa manja a akazi awo. Anali ndi mphamvu zoti akanatha kuwalanda mosavuta. Anaima choncho onse awiri, ndowa ikugwedera pakati pawo. Mayi wa tomato, yemwe ankabwera kudzatumiza uthenga wake, anaona zimenezo ali patali n'kuyamba kuyang'anitsitsa chimanga cha m'mbali mwa njira.

"Simunandifunse," anatero Akalipentala.

"Inu za mankhwala munandifunsa?"

Dzanja lija linakhala pamenepo kanthawi, kenako linatsika. Sanawathandize kukoka, komanso sanawaletse. Atelala anakoka okha mpaka ndowa inagunda kagudumu. Itatsika, uthenga unali utapita.

Masiku otsatira m'nyumbamo munalibe nkhani. Akalipentala ankadya, kuthokoza, n'kubwerera kumsasa. Wa makina anauzidwa kuti asabwere. Awayilesi anazungulira dera lonse kufotokoza kuti mlamu wawo wagulitsa banja ndi chala chimodzi, ndipo anthu ena anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, poopa kuti zingatsekeredwe mkati mwa waya.

Yankho linatsika ndi ndowa sabata itatha. Linali lalifupi: talandira, tibwera Lachinayi.

"Tibwera," anatero Awayilesi. "Mwamva? Sanati ndibwera. Ndi gulu."

Lachinayi kutacha Atelala anadzutsidwa ndi phokoso pamwamba pa mutu wawo. Atatsegula maso anaona kumwamba, mitambo yakuda ikuyenda pamene panali denga. Nkhope ya amuna awo inasuzumira pakati pa mitanda, msomali uli pakamwa.

"Mukutani, bambo a mapasa?"

"Malo atenge. Malata ndi anga."

Panja panali ngolo ya ng'ombe, Awayilesi ataimirira pamwamba pake akulamula anyamata osanja katundu. Pofika nthawi ya tiyi, chipinda chogona ndi chosokeramo zinali pamtunda, zitseko ziwiri zitazulidwa, bedi, kabati ndi mipando zili pangolo. Anyamata atafika pamakina osokera, anapeza Atelala atakhalapo kale.

"Awa muwasiye. Ndili ndi diresi la munthu."

"Mlamu, akafika salola kutulutsa kanthu," anatero Awayilesi.

"Ndiye adzanditsekera limodzi ndi mbalame. Mwina ine ndiye boma lidzanditeteza."

Anasoka choncho m'chipinda chopanda denga, tizinyalala tikugwera pansalu. Anthu anayamba kusonkhana kumsewu, ena pachulu, ena m'mbali mwa chimanga, onse pamalo poti malole akafika athe kuona bwino komanso kuthawa bwino. Atelala mzere umodzi anausoka mokhota n'kuuphwasula. Sanafune kuti wina aone, choncho anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Dzuwa litakwera kunamveka kulira kwa injini. Anthu anaimirira. Pakona panatulukira njinga yamoto imodzi, yamatope mpaka pampando. Woyendetsayo anaima pakhomo, anavula chisoti, ndipo anali mayi wachitsikana, wamfupi, wa yunifolomu yobiriwira yomukulira m'mapewa. Kumbuyo kwa njinga anamangako chitini cha penti ndi bulashi.

Anthu anapitiriza kuyang'ana kukona, kudikira malole.

"Ndi pano pali anang'omba?" anafunsa mayiyo. Kenako anaona denga, ngolo, ndi bedi miyendo ili m'mwamba. "Pepani. Ndi mphepo yasasula?"

"Ayi," anayankha Atelala akutuluka, tepi ili m'khosi. "Ndi intaneti."

Anamupatsa mpando, womwe anachita kuutsitsa pangolo, n'kumufotokozera zonse kuyambira pa masuti mpaka pa dinani apa. Za mankhwala sanatchule. Mayiyo anamvetsera akupukuta matope kumaso. Sanaseke, komanso sanadabwe.

"Ndikudziwa, mayi," anatero. "Pamene pamati dinani apa panafa kalekale. Amene anakonza tsambalo ntchito yake inatha, anapita ndi makiyi ake. Ndanena kumisonkhano, ndanenanso. Amandiyankha kuti uthenga wonse uli pa intaneti, anthu awerenge okha. Nambala munalemberayo ndi foni yanga iyi. Dera lonseli ndili ndekha ndi njinga imeneyi."

"Nanga munati tibwera?" anafunsa Awayilesi ali pangolo.

"Ine ndi njinga."

Akalipentala anatsika pamakwerero, hamala ili m'manja, n'kuima patali pang'ono. "Ndiye waya abwera nawo liti?"

"Waya wa chiyani, bambo?"

"Wozunguliza malo."

"Palibe amene akufuna malo anu. Mbalamezi zimayenda dera lalikulu, mungazitsekere m'waya? Chomwe tikupempha ndi mtengowu. Musaudule, musakwere kumphako, musakolezepo moto pansi pake. Zimalera mwana mmodzi, ndipo zimatha zaka zisanalerenso wina. Mitengo ya mphako zazikulu yatha, n'chifukwa chake zabwera pakhomo pa anthu."

"Basi?"

"Ndi penti iyi. Mupake magalasi kunja kwake, kuti asamadzionemo. Kukayamba kuzizira mwana akatuluka, mudzapala."

"Nanga galasi langa losweka lija?"

"Limenelo boma silibweza. Ndisakunamizeni."

"Anapiye anga?" anafunsa Atelala.

"Ngakhalenso anapiye."

"Ndiye boma limeneli ndalizindikira," anatero Atelala. "Ndi lathu lomwe lija."

Anthu anali atasendera pafupi, ndipo ena anaseka. Akalipentala sanaseke. Anayang'ana nyumba yawo yopanda denga, anayang'ana akulu awo. Awayilesi anali otanganidwa kumasula chingwe cha pangolo.

Mayi uja anapita kuseri kukaona mphako ali chapatali, anajambula, n'kubwerera nkhope ikuwala. "Mwana alimo, ndamumva. Mukudziwa, chaka chatha munthu wina wa minibasi anandiuza kuti kutsidya kwa mtsinjeku kuli gulu lina. Ndinabwera kawiri osalipeza. Alipo amene amaliona?"

Mayi wa tomato anayamba kukonza mpango wake. Anyamata anayang'ana ng'ombe. Kumbuyo kwa gulu kunali okonza njinga, bambo wachikulire wa manja akuda ndi girisi, yemwe anakonzera ana a dera lonse njinga osawawerengera bwino. Anavula chipewa n'kuchigwira pamimba.

"Mwanangu," anatero, "munati malo salanda?"

"Salanda, bambo."

"Ngakhale munda?"

"Ngakhale munda."

Okonza njinga anagwedeza mutu kangapo. Anavalanso chipewa, anatembenuka, n'kuyamba kuyenda kulowera kwawo, pang'onopang'ono, osayang'ana m'mbuyo. Mayi wa boma anawatsatira ndi maso mpaka anakhota. Atelala anaona kuti wamva zonse. Anaonanso kuti sanafunse funso lina.

"Mayi," anatero Atelala, "tsamba lanulo mwina adzalikonza ine nditakalamba. Zimene mwanenazi munene muno." Anamupatsa foni. "M'chiyankhulo chathu chino, mwachidule, popanda masuti. Mutchule dzina lanu ndi ntchito yanu, kuti asamati ndapeka ndine."

Mayiyo anaganiza pang'ono, kenako anakonza kolala ya yunifolomu ngati akujambulidwa nkhope, n'kulankhula. Ananena za anang'omba, anawonjezera za akamba ndi za ngaka, kuti wozipeza asaziphe ndipo asazibise, angotumiza uthenga, palibe amene adzamulande kanthu. Atamaliza, Atelala anatenga foni n'kupita nayo pangolo.

"Alamu, tsegulani foni yanu ndikuthirireni."

"Ine?"

"Pali wina amene angafikitse mawu kutali kuposa inu? Pachigayo, pasiteji, kumaliro, kulikonse mumakhala mulipo. Theka munalifalitsa sabata imodzi. Tione lathunthu."

Awayilesi anatsika pangolo, anakonza jekete, n'kulandira mawuwo ndi nkhope ya munthu wopatsidwa udindo. "Ine kuyambira pachiyambi ndinkanena kuti tifunse eni ake," anauza anyamata aja. "Koma mng'ono wangayu ndi wopupuluma kuyambira ali mwana."

Akalipentala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo dontho loyamba la mvula linawagwera pamphumi.

Onse anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itatsika mpaka pamwamba pa mkuyu, ndipo kumapiri kunali kutachita kale mdima.

"Amene munabwera kudzaonerera, kuonerera kwatha," anatero Atelala. "Aliyense lata limodzi. Amayi a tomato, matiresi. Anyamata inu, kabati, ndipo musaikhulitse. Alamu, foni m'thumba, manja pabedi."

Pabwalo panadzaza phokoso. Malata ankayenda kuchoka pangolo kudutsa m'manja mwa anthu ngati njerwa pa tsiku lomanga, amayi akukuwirana kuti linalo lazondoka. Atelala anafunditsa makina awo ndi pulasitiki, anakulunga diresi la kasitomala n'kulilowetsa m'bulauzi, kenako anaima pansi pa khoma ndi chitini cha misomali, akupereka itatuitatu. Amuna awo anathamangira pamakwerero, omwe anatsetsereka m'matope atangoponda kachiwiri. Mayi wa boma anaponya chisoti pansi n'kugwira makwererowo ndi manja awiri, phazi atatsekereza kunsi.

Akalipentala anakwera mpaka pamwamba, analandira lata loyamba, analigoneka pamitanda. Asanakhome anasuzumira pansi, madzi akutsika m'ndevu. Anayang'ana akazi awo kanthawi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni tsiku la chingwe lija, pakamwa pawo panaoneka kumwetulira. Kenako anayang'ana wogwira makwerero.

"Gwirani zolimba, mayi. Chibadwire changa, aka n'koyamba boma kundigwirira kanthu."

"Khomani msanga, bambo a mapasa," anatero Atelala akuwapatsira misomali, "lisanasinthe maganizo."